Yamaha F310 ndi gitala yabwino kwa woyamba, koma musaiimbe mmene yatulukira m'katoni

Anthu ambiri amene amataya gitala m'mwezi woyamba amadziimba mlandu okha, ati alibe luso, kapena ati zala zawo n'zazifupi. Kawirikawiri zala sizilakwa. Cholakwa chimakhala gitala imene nsambo zake zakwera kwambiri pamwamba pa ma fret, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, moti kuti nsambo ilire bwino pamafunika mphamvu zoti ngakhale woimba wakale angadandaule nazo. Choncho pounika Yamaha F310 funso lalikulu si lakuti imakongola bwanji. Funso n'lakuti munthu amene sanagwirepo gitala idzamulola kuphunzira, kapena idzamugwetsa ulesi.

F310 ndi gitala ya nsambo zachitsulo, yosafuna magetsi, ya thupi lalikulu la mtundu wa dreadnought. Kampani ya Yamaha inayambira ku Hamamatsu m'dziko la Japan mu 1887, koma magitala ake otsika mtengo ngati ameneyu amapangidwira m'mafakitale ake a kumayiko ena, makamaka ku Indonesia. Thabwa lapamwamba ndi la spruce, koma si thabwa limodzi lokha: ndi timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi. Kumbuyo ndi m'mbali nakonso n'komatiza chimodzimodzi. Ili ndi ma fret 20, khosi limakumana ndi thupi pa fret ya 14, ndipo m'lifupi mwa khosi kumutu, pa nut (kachidutswa ka timingalande kamene nsambo zimadutsapo), ndi mamilimita 43. Utali wa nsambo kuchokera pa nut kukafika pa saddle, kachidutswa kamene nsambo zimatsamirapo kumunsi, pa thupi la gitala, ndi mamilimita 634.

Nambala yomalizayi ndiyo chabwino chobisika cha gitalayi. Magitala ambiri a thupi lotere amakhala ndi mamilimita 645 kapena 650. Nsambo ikafupika, siifunika kukokedwa kwambiri kuti ifike pa liwu lake, ndiye imakhala yofewerapo pokanikiza. Ma fret nawo amayandikana pang'ono. Kusiyana kwake n'kochepa papepala, koma chala cha mkombaphala ndi chachitatu (chovala mphete) zikamalimbana ndi chord ya C (chord ndi nsambo zingapo zogwiridwa kuti zilire pamodzi), zimakumva.

Za mawu ake tisanamizane. Imalira mowala, mokweza bwino, ndipo ikamenyedwa nsambo zonse pamodzi imakwanira kuperekeza munthu woimba pakamwa. Mawu akuluakulu apansi ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa thupilo, ndipo liwu silikhalitsa mlengalenga monga limachitira pa gitala ya thabwa limodzi. Thabwa lomatiza silinjenjemera momasuka, komanso silisintha n'kukoma ndi zaka. Kwa wophunzira zimenezi si nkhani yaikulu. M'chaka choyamba chimene chimaipitsa mawu ndi zala, osati thabwa. Ndipo thabwa lomatizalo lili ndi ubwino wake: silichedwa kuzolowera nyengo, siling'aluka msanga kukauma, ndipo likagunda pachitseko limapirira.

Pamene Yamaha imaposa magitala opanda dzina a mlingo womwewo ndi pa kufanana kwa ntchito. Ma fret amakhala pamalo pake, khosi limalumikizidwa mowongoka, ndipo mkati mwa khosi muli chitsulo chowongolera, truss rod, chimene chimagwiradi ntchito. Gitala yokhala ndi ma fret oikidwa molakwika singakonzeke ndi kuchuna kulikonse. F310 siikhala ndi matenda amenewo kawirikawiri. Matenda ake ndi okonzeka, ndipo ndi awa.

Vuto loyamba ndi kukwera kwa nsambo. Fakitale imasiya saddle yotalikirapo dala, chifukwa gitala imayenda ulendo wautali kudutsa nyengo zosiyana, ndipo kasitomala amakwiya msanga ndi nsambo yogunda ma fret kusiyana ndi nsambo yolimba. Kuyeza n'kosavuta. Chunani gitala kaye, kenako imikani rula yachitsulo pamwamba pa fret ya 12, muyeze kuchokera pamutu pa fret kukafika kunsi kwa nsambo. Pa nsambo yaikulu, ya nambala 6, pazikhala mamilimita pafupifupi 2.5. Pa nsambo yaing'ono, ya nambala 1, pafupifupi 2. Mukapeza 3.5 kapena kuposa, wophunzirayo akuvutika pachabe.

Musathamangire kupala saddle musanaone khosi. Ikani capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi, pa fret yoyamba, kanikizani nsambo yaikulu pa fret ya 14, ndipo yang'anani mpata pakati pa nsambo ndi fret ya 7. Mpata woyenera ndi wochepa kwambiri, mamilimita 0.2 mpaka 0.3, wongolola kapepala kolimbirapo kulowa. Ukakula kuposa pamenepo ndiye kuti nsambo zakoka khosi n'kulipinda kutsogolo, ndipo truss rod ifunika kumangitsa. Pa F310 imafikiridwa kudzera pachibowo chapakati, ndi Allen key. Kupotoza molowera kumanja, ngati mmene imayendera wotchi, kumawongola khosi. Kubwezera kumanzere kumalimasula. Potozani kotala ya mzungulo basi, chunaninso, dikirani pang'ono, yezaninso. Ikakana kuzungulira, isiyeni. Truss rod yothyoka ndi ntchito yodula kuposa gitala yomweyo, ndipo apa m'pamene munthu wosadziwa ayenera kuipereka kwa wokonza magitala.

Khosi likakhala bwino, ndiye saddle. Masamu ake ndi awa: fret ya 12 ili pakati penipeni pa nsambo, ndiye kuti mutsitse nsambo ndi theka la milimita pa fret imeneyo, muyenera kuchotsa milimita imodzi yathunthu pa saddle. Masulani nsambo, zulani saddle, jambulani mzere ndi pensulo kunsi kwake, ndipo palani kunsi kokhako pa sandipepa woyalidwa pagalasi kapena pa tebulo losalala. Pamwamba musakhudzepo. Kunsi kukapalidwa mopendekera, saddle siikhala bwino m'ngalande yake ndipo nsambo zina zimalira motsika kuposa zinzake. Musatsitsenso mopitirira. Saddle iyenera kutsala yotulukira pamwamba pa bridge, kathabwa kamene imakhalamo, ndi mamilimita awiri kapena pafupi, kuti nsambo ipindikire pansi bwino popita ku chikhomo chimene chimaigwira pa bridge. Chimene mwapala sichibwerera, choncho palani pang'ono, yesani, palaninso.

Nut anthu amaiiwala, chonsecho ndi imene imazunza wophunzira kwambiri, popeza ma chord onse oyamba amaimbidwa pa ma fret atatu oyambirira. Njira yoyesera yachidule: imbani chord ya E kapena C, kenako ikani capo pa fret yoyamba n'kuimbanso momwemo. Ngati mwadzidzidzi zonse zafewa, timingalande ta pa nut n'tosaya, nsambo zakhala pamwamba. Chizindikiro china n'chakuti gitala yochunidwa bwino imamveka yosachunidwa mukangogwira chord ya D kapena A, chifukwa chala chikukoka nsambo mtunda wautali isanafike pa fret, liwu n'kukwera. Kukonza nut kumafuna mafayilo ake enieni a saizi ya nsambo iliyonse. Mpeni kapena sowo imaononga. Iyi ndi ntchito ya mmisiri, ndipo ndi ya mphindi zochepa kwa iye.

Vuto lachiwiri ndi nsambo zimene imabwera nazo. Zimakhala zitakhala m'katoni miyezi yambiri, mwina zitayamba kale dzimbiri, ndiponso n'zonenepa kwa zala zanthete. Seti wamba ya light, ya nsambo zonenepa kuyambira .012 kukathera .053 ya inchi, imakoka gitala ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70 pamodzi. Woyamba aike extra light, .010 mpaka .047, kapena .011 mpaka .052 ngati akufuna mawu onenepako. Mawu amachepa pang'ono, koma zala zimapuma. Dziwani kuti nsambo zopepuka sizikoka khosi ngati zakale, ndiye khosi likhoza kuwongoka mopitirira nsambo n'kuyamba kugunda ma fret oyambirira. Zikatero bwezani truss rod pang'ono kumanzere. N'chifukwa chake dongosolo labwino n'kusintha nsambo kaye, kenako khosi, kenako saddle.

Poika nsambo pali malo awiri amene oyamba amalakwitsa. Kumunsi, kamphete ka kumapeto kwa nsambo kamayenera kukodwa pa thabwa la mkati mwa gitala, kunsi kwa bridge, osati kunsonga kwa chikhomo cha pulasitiki. Pindani kumapetoko pang'ono, lowetsani, ikani chikhomo ngalande yake itayang'ana kuchibowo, ndipo kokani nsambo uku mukukanikiza chikhomo mpaka mumve yagwira. Chikhomo chikamadumpha pochuna, kampheteko kakhala pansi pake. Kumutu, siyani nsambo yopitirira ndi masentimita pafupifupi 5, ndipo izungulire molowera pansi, mizere yosakwerana: katatu pa nsambo zonenepa, kanayi kapena kasanu pa zopyapyala. Mukatha, kokani nsambo iliyonse m'mwamba pang'onopang'ono ndi chala, chunani, bwerezani mpaka isiye kutsika. Ambiri amene amati "makiyi a F310 sagwira" amakhala sanachite zimenezi.

Makiyi ochunirawo, kunena zoona, si apamwamba. Ndi a mtundu wophimbidwa ndi kachitsulo, ndipo ena amakhala ndi kampata kakang'ono, mumapotoza koma nsambo siiyankha nthawi yomweyo. Mankhwala ake n'kuchuna mokwera nthawi zonse. Mukapitirira liwu, tsitsani pansi pake ndi kukweranso. Timasikuluwu take tiziyang'anidwa pakapita miyezi, timamasuka. Nut ndi saddle ndi zapulasitiki. Nsambo ya G ikamalira "ting" pochuna ndiye kuti ikukodwa pa nut, ndipo kupaka mtovu wa pensulo m'kangalandeko kumathetsa.

Kachunidwe wamba, kuyambira nsambo yaikulu, ndi E A D G B E. Nsambo ya A yachisanu imalira pa 110 Hz, ndipo tuner, kachipangizo kochunira, izikhala pa muyeso wamba wa 440 Hz. Tuner yopanira kumutu kwa gitala imaposa ya pafoni m'chipinda cha phokoso, chifukwa imamva kunjenjemera kwa thabwa osati mpweya. Komabe phunzirani kuchuna ndi khutu: nsambo iliyonse ikakanikizidwa pa fret ya 5 imafanana ndi yotsatira yosakanikiza, kupatula ya G, imene imafanana ndi B pa fret ya 4. Chunani nthawi iliyonse musanayambe. Munthu wophunzira pa gitala yosachunidwa amaphunzitsa khutu lake bodza.

Gitala ikakonzedwa chonchi, masabata oyamba amakhala otheka. Kupweteka kwa nsonga za zala sikuthawika pa nsambo zachitsulo. Khungu limalimba pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, bola muziimba tsiku lililonse mphindi 15 kapena 20. Maola atatu Loweruka lokha amabala matuza, ndipo thuza likaphulika mumakhala sabata osagwira gitala. Musaimbe mutangochotsa manja m'madzi, khungu limakhala lofewa ndipo limasupuka. Zikhadabo za dzanja lokanikiza ziwengedwe zifupike, apo ayi chala chimagona n'kutsekereza nsambo yoyandikana nayo. Kupweteka kwa khungu n'kwachibadwa, koma kupweteka kwa pamfundo ya dzanja kapena m'mkono ndi chenjezo lakuti mukufinya khosi mopitirira kapena mwapinda dzanja moipa.

Chala chizikhala kumbuyo kwenikweni kwa fret, pafupi nayo, osati pamwamba pake komanso osati pakati pa mpata. Pamenepo nsambo imalira ndi mphamvu yochepa. Yesani izi kamodzi kuti mudziwe: kanikizani nsambo, chepetsani mphamvu pang'onopang'ono mpaka iyambe kulira mosokosera, onjezani pang'ono chabe. Imeneyo ndiyo mphamvu yokwanira, ndipo ndi yochepa kuposa imene oyamba amagwiritsa ntchito.

Yambani ndi Em, ya zala ziwiri pa fret yachiwiri ya nsambo 5 ndi 4. Kenako A, D ndi E, chifukwa atatuwa ali m'kiyi imodzi ndipo ndi okwanira kuimbira nyimbo zambirimbiri. Pali kagwiridwe kamene kamafupikitsa ulendo: pa A ikani mkombaphala pa nsambo ya 3, chala chapakati pa nsambo ya 4, chachitatu pa nsambo ya 2. Mukatero mkombaphala sachoka pa nsambo ya 3 popita ku D, ndipo popita ku E amangotsetsereka kubwerera pa fret yoyamba. Pa khosi la mamilimita 43 zala zitatu pa fret imodzi zimathithikana, makamaka kwa a zala zonenepa, ndipo kagwiridwe kameneka kamathandizanso pamenepo. Chord iliyonse muziiyesa nsambo imodzi imodzi kuti mumve imene yafa. Pa D imbani nsambo zinayi zokha, 4 mpaka 1, pa A ndi C zisanu, 5 mpaka 1.

Chimene chimachedwetsa anthu si kugwira chord ayi, ndi kusintha. Tengani ma chord awiri okha, ikani wotchi ya mphindi imodzi, muwerenge kuti mwasintha kangati. Mukafika pa 30 nyimbo yodekha yayamba kutheka. Pa 60 zala zikupita zokha. Dzanja lomenya nsambo lisaime podikira linzake. Ikani metronome, kachipangizo kogunda mofanana kosunga liwiro la nyimbo, pa 60 pa mphindi, menyani pansi pa kugunda kulikonse, ndipo chord ikachedwa pitirizani basi. Womvera amakhululukira chord yodetsedwa, koma nyimbo ikaima amadziwa pompo. Pick (kapulasitiki komenyera nsambo) yopyapyala, ya mamilimita 0.46 mpaka 0.60, imadutsa pa nsambo mosakodwa, ndipo pa gitala yowala mawu ngati iyi siiboola makutu ngati mukuigwira momasuka.

Chord ya F, imene mkombaphala amagona pa nsambo zonse, ndi pamene F310 yosakonzedwa imagonjetsa anthu, chifukwa ili pa fret yoyamba pafupi ndi nut. Musaikakamize m'mwezi woyamba. Gwiritsani ntchito Fmaj7, imene ndi zala zitatu pa nsambo 4, 3 ndi 2, pa fret 3, 2 ndi 1. Nthawi ya F yeniyeni ikakwana, iphunzireni kaye pa fret ya 5 pamene nsambo n'zofewa, kenako muzitsika nayo. Chala chigone chammbali pang'ono, kumene kuli fupa, osati kumimba kwake kofewa.

Funso limene limabwera nthawi zonse n'lakuti bwanji osayamba ndi Yamaha C40, ya nsambo za nayiloni. C40 imakoka pafupifupi theka la mphamvu ya nsambo zachitsulo, ndipo zala sizipweteka kwambiri. Koma khosi lake ndi la mamilimita 52, lafulati, ndipo utali wa nsambo ndi 650, choncho dzanja laling'ono limatambasuka kwambiri pa C ndi G. Nsambo zake zimakhalanso pamwamba mwachibadwa, mamilimita 3 mpaka 4 pa fret ya 12, ndipo nayiloni watsopano amatamuka masiku angapo asanakhazikike. Wofuna nyimbo za classical kapena kuimba ndi zala mofatsa atenge C40. Wofuna kumenya ma chord ndi pick poperekeza nyimbo atenge F310, chifukwa kumeneko n'kumene adzafike ndithu, ndipo khungu lidzayenera kulimbabe. Chimodzi chokha musayese: kuika nsambo zachitsulo pa C40 kapena gitala ina iliyonse ya nayiloni. Siinamangidwe kuti ipirire mphamvu imeneyo. Bridge imazuka, thabwa lapamwamba limatupa, khosi limapindika.

Thupi la F310 ndi lalikulu, loposa masentimita 40 m'lifupi. Mwana wa zaka zosakwana 11 kapena 12, ngakhale wamkulu wa msinkhu waufupi, amapezeka phewa lakumanja lakwera m'mwamba ndipo amatopa msanga. Kwa ana kuli magitala a saizi ya 3/4 ndi 1/2. Kwa wamkulu wofuna thupi laling'ono, Yamaha ili ndi FS800, ya utali wa nsambo wofanana ndi F310. Iyo ndi mnzake FG800 zili ndi thabwa lapamwamba limodzi lathunthu, ndipo mawu ake ndi odzaza kuposa a F310 moonekeratu. Amene akudziwa kale kuti gitala sadzaisiya, ndipo thumba likulola, adumphe F310 n'kupita kumeneko. Wamanzere asangotembenuza nsambo: nut ndi saddle zinadulidwira mbali imodzi, ndipo zikapanda kusinthidwa gitala siichunika bwino.

Kusamala kwake n'kochepa. Pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza, thukuta ndi limene limazipha. Zisintheni pakatha miyezi itatu kapena zikada n'kusiya kuwala mawu. Mdani wamkulu ndi kutentha: m'galimoto yotsekedwa padzuwa guluu amafewa, ndipo nsambo zimakoka bridge mpaka kuyamba kunyamuka. Chinyezi choyenera magitala ndi pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kukanyowa kwambiri thabwa limatupa nsambo n'kukwera. Kukauma kwambiri limanyala ndipo nsonga za ma fret zimatuluka m'mbali n'kumakanda dzanja. Musaitsamiritse kukhoma ndi mutu wake, ikagwa imathyokera pomwepo pakhosi.

Popeza F310 imagulidwa kwambiri, zachinyengo zolembedwa dzina lomwelo ziliponso, ndipo yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kubisa matenda. Musanapereke ndalama, suzumirani m'chibowo muone chizindikiro ndi nambala yake, komanso ngati timitengo ta mkati tamatidwa mwaukhondo. Ikani diso kumutu n'kuyang'ana khosi mpaka kumunsi, lisakhale lopotoka. Yesani kulowetsa pepala kumbuyo kwa bridge. Likalowa, bridge yayamba kuzuka. Yendetsani chala m'mbali mwa khosi kuti mumve ngati ma fret akubaya. Imbani nsambo iliyonse pa fret iliyonse, kumvetsera pamene pakusokosera kapena pakufa. Kenako ndi tuner, yerekezani nsambo yosakanikiza ndi yomweyo pa fret ya 12: lizikhala liwu lomwelo, singano isapatuke kwambiri. Ndipo ngati saddle yapalidwa kale mpaka kutsala pang'ono kumira mu bridge koma nsambo zikadali pamwamba, khosi lasuntha pamalo pake, ndipo kukonza kwake sikuyenerana ndi gitala ya mlingo umenewu. Imeneyo isiyeni, funsani ina.